Luso lojambula ndi ufa wa utoto papepala

Utoto womwe timagula m'sitolo umapangidwa ndi zinthu ziwiri: ufa womwe umapereka mtundu, ndi chomatira chomwe chimagwiriza ufawo pakhoma kapena papepala. Komabe pali akatswiri ena ojambula amene amasiya chomatiracho n'kumagwiritsa ntchito ufa wokhawokha.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Dothi la katondo likakhala louma limaoneka lowala, koma mvula ikangogwa limadera. Ufa wa utoto nawonso umatero ukasakanizidwa ndi mafuta. Katswiri wa ku France, Yves Klein, adadandaula ndi zimenezi pomwe ankagwiritsa ntchito ufa wa buluu wotchedwa ultramarine. Mothandizana ndi wogulitsa utoto wa mumzinda wa Paris, Édouard Adam, adapeza chomatira chomwe sichizimitsa kuwala kwa ufawo, ndipo mu 1960 adalembetsa mtunduwo m'dzina la International Klein Blue. Zithunzi zake zambiri n'zabuluu kuyambira kumwamba mpaka pansi, popanda munthu, nyumba kapena mtengo.

Zojambula zotere, zomwe pa Chingerezi amati abstract art, sizifanizira chinthu chilichonse. Woonera safunsa kuti ichi n'chiyani, koma amayang'ana mmene mitundu, mizere ndi mipata zikukhalirana, monga mmene munthu amamvera ng'oma popanda kufunsa mawu ake.

Vuto la ufa ndi loti sumvera malire: ukauthira papepala umangomwazika. Apa ndi pomwe pamafunika stensulo, lomwe ndi pepala lolimba kapena pulasitiki yopyapyala yobooledwa mwadala, ngati ija amagwiritsa ntchito olemba zikwangwani. Wojambula amadula mabowo ozungulira, a makona atatu kapena a mizeremizere, n'kuyala stensulo pamwamba pa pepala. Kenaka amawaza ufa kudzera m'kasefa, kapena kuupaka ndi thonje kapena burashi yofewa, kuyambira m'mphepete mwa bowo kulowera pakati kuti usalowe kunsi. Akanyamula stensulo mosamala, pamatsala chithunzi cha m'mbali mowongoka bwino koma chofewa m'kati. Akaisuntha pang'ono n'kuthiranso mtundu wina, pomwe mitundu iwiri yakumana pamabadwa wachitatu. Pepala lokhakhala ndi lomwe limafunika, chifukwa losalala siligwira ufa.

Njira imeneyi ndi yakale kuposa pepala lenilenilo. M'mapanga a pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, anthu ankatsamiza dzanja pathanthwe n'kuuzira utoto wadothi lofiira mozungulira, dzanjalo n'kukhala stensulo. Kafukufuku wa mu 2014 adapeza kuti chimodzi mwa zithunzizo chakhala zaka pafupifupi 40,000. M'nthawi yathu ino, buku la Henri Matisse lotchedwa Jazz, lomwe lidatuluka mu 1947 ndi zithunzi 20, lidasindikizidwa ndi mastensulo, ngakhale kuti utoto wake udali wamadzi.

Kujambula kosafanizira chinthu si kwachilendo kuno kwathu. Ku Chongoni m'boma la Dedza, komwe bungwe la UNESCO lidakuika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zambiri mwa zofiira, zomwe akatswiri amati adajambula ndi Akafula, ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zipangizo zoyambira nazonso zili pafupi: dothi lofiira, lachikasu ndi loyera, komanso makala, zikauma, kusinjidwa ndi kusefedwa, zimapereka ufa wabwino.

Pali zinthu ziwiri zomwe wojambula sayenera kuzinyalanyaza. Choyamba ndi moyo wa chithunzicho. Popeza ufawo wangokhala pamwamba, chala, mphepo kapena kugwedezeka kungafufute ntchito ya tsiku lonse. Pali mankhwala opopera omwe amamata ufa, koma amafunika kupopera pang'onopang'ono, botolo lili patali, chifukwa akachuluka amaderetsa mitundu, n'kubweza vuto lomwe wojambula amathawa lija. Ambiri amaika chithunzi m'felemu yagalasi, n'kusiya kampata kuti galasi lisakhudze pepala.

Chachiwiri ndi moyo wa wojambula mwini. Ufa wina wogula umapangidwa ndi mtovu, cadmium kapena cobalt, zomwe ndi poizoni zikalowa m'thupi, ndipo ngakhale fumbi la dothi wamba limawononga mapapo munthu akamalipuma nthawi yaitali. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga zolembedwa pabotolo, kuvala masiki yoteteza ku fumbi, kupewa kuuzira ufa ndi pakamwa, ndi kupukuta tebulo ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa. Ntchitoyi isachitikire pomwe pamaphikidwa chakudya kapena pomwe ana amasewera.