Mankhwala achikuda akawoloka malire

Mlimi wa tomato sazula mbande mwaphuma. Amayamba wathirira nazale, kenako n'kuizula ndi kadothi kake kokangamira ku mizu. Akakasansa kadothiko, mbande imafota ngakhale aiwokere m'dimba lachonde. Mankhwala achikuda akamapita kunja amakumana ndi zomwezi.

Muzu suvuta kunyamula. Gondolosi, masamba ouma a nimu, ufa wa chammwamba, zonsezi zimakwera basi ya ku Joni zitakulungidwa m'jumbo pambali pa usipa. Chimene chimatsala ndi dothi lija: sing'anga wodziwika mudzi wonse, amene agogo ake anamuphunzitsa kuti khungwa ili likachuluka limapha, amenenso zikalakwika amfumu amadziwa kokamupeza.

Taonani Vimbuza ya Atumbuka a ku Rumphi ndi ku Mzimba, imene bungwe la UNESCO linailemekeza mu 2005. Wodwala amavina pakati pa bwalo, amayi ndi ana atamuzungulira akuimba ndi kuwomba m'manja, abambo ali pa ng'oma. Mbali yaikulu ya machiritsowo ndi anthuwo. Munthu amene mtima wamulemera amaona ndi maso ake kuti abale ataya tulo chifukwa cha iye. Nanga kwa Mmalawi wokhala kunja, m'fulati ya ku Leicester, ng'oma ingalire usiku wonse aneba osaitana apolisi? Ndipo angabwere ndani, aliyense ali pa shifiti?

Ku Johannesburg zinthu zilipo zambiri. Pa msika wa Faraday makungwa ndi mizu zimaunjikidwa milumilu, ndipo South Africa inakhazikitsa lamulo lozindikira asing'anga mu 2007. Koma m'misewu yomweyo mapolo a magetsi adzaza ndi timapepala ta anthu olonjeza kubweza mkazi wothawa. Dzina ndi nambala ya foni basi. Kwawo sikudziwika, ndipo akalandira ndalama foni imazima.

Mmalawi wofukiza masamba a bulugamu ali kutali ine sindimudzudzula, pakuti fungo lija limamukumbutsa kuti ali ndi kwawo. Chondidetsa nkhawa ndi mlingo. Anamwino a m'zipatala zathu akhala akuchenjeza kuti mwanamphepo, amene amayi ena amamwa pofuna kufulumizitsa matenda a uchembere, amatha kung'amba chiberekero. Mayi woyembekezera amene walandira mankhwalawa m'phukusi amamwa yekha kuchipinda, popanda womuyang'anira, ndipo akapita ku sikelo amachita manyazi kumuuza nesi zimene wamwa.