MATUMBO AKABOOKA, MANKHWALA AMAFUNA MUYESO

CHIPATA: Matenda a taifodi ndi zilonda za m'mimba nthawi zina amaboola matumbo. Wodwala wotere akafika ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, nchito yoyamba ya madotolo ndiyo opaleshoni yotseka pobookapo ndi kucotsa mafinya.

Komabe pamatsala mdani wina. M'matumbo mwa anthu ambiri mumakhala kacilombo ka mtundu wa yisiti kochedwa Candida. Kali momwemo sikavuta, koma kakatulukira pobooka kangathe kupha, pakuti mankhwala opha mabakiteriya sakagonjetsa. Mu 2022 bungwe la WHO linaika Candida albicans pa gulu loopsa koposa.

Mankhwala odziwika kuno ndi fluconazole, ndipo saperekedwa mongoganizira. Tsiku loyamba wodwala amalandira mamiligalamu 12 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, masiku otsatira 6. Impso zikafooka, dotolo amacepetsa muyeso wa masiku otsatirawo. Wakumwa rifampicin wa cifuwa cacikulu angafunike woonjezera, cifukwa mankhwalawo amafooketsa fluconazole. Muyeso ukaperewera, kacilombo kamapulumuka ndi kuzolowera mankhwala. Kwa wodwala mwakayakaya akatswiri amasankha caspofungin, koma ngokwera mtengo.

Cotero abale ouza dotolo mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndi azitsamba omwe, amathandiza kupulumutsa moyo. Ndipo mimba ikauma gwa, thupi n'kutentha, munthuyo n'kumasanza, asagonetsedwe pamudzi. Apite naye kucipatala tsiku lomwelo.