Injiniya wa Makina Okopela Makalata pa Bwalo la Zida za Mtima

Lelo tikamba za mai wina wa ku America, Ursula Burns, ndi za mpando wina umene anakhalapo, umene ambili saudziwa.

Maiyu anabadwa mu 1958 mu mzinda wa New York. Amake, ocokela ku Panama, anali kusita zovala za anthu ndi kulela ana a eni kuti apeze ndalama za sukulu. Ursula anaphunzila uinjiniya wa makina, ndipo mu 1980 analowa pa kampani ya Xerox, yopanga makina okopela makalata, monga wophunzila nchito cabe. Mu 2009 anakhala mkulu wa kampani yonse, mkazi wakuda woyamba kutsogolela imodzi mwa makampani 500 aakulu koposa m'dzikomo. Udindo umenewo anautula kumapeto kwa 2016.

Koma mu 2002, ali cigwilile nchito ku Xerox, anasankhidwa kulowa m'bodi ya kampani ya Boston Scientific, imene imapanga zida za m'cipatala. Bodi ndilo bwalo la akuluakulu amene amakumana kangapo pa caka kuti aone mmene kampani ikuyendela. Afanana ndi nduna za mfumu, kungoti iwo ali ndi mphamvu yolemba ndi yocotsa mkulu wa kampani.

Mwina mufunsa kuti, kodi munthu amene sali dokotala afunanji pa bwalo lotele? Taonani cida cimodzi ca kampaniyi, cochedwa stent. Ndi kapaipi kakang'ono ka waya woluka, kamene dokotala amakalowetsa mu mtsempha wa mtima umene watsekeka. M'kati mwake muli kabaluni. Kabaluniko akakapopa, kapaipi kamatambasuka ndi kutsegula njila ya magazi. Pamenepo amakaphwetsa ndi kukatulutsa. Mu 2004 kunapezeka kuti mabaluni ena a stent yochedwa Taxus anali kukana kuphwa, ndipo kampani inaitanitsa zida zikwizikwi kuti zibwezedwe. Colakwa sicinali m'manja mwa dokotala ai. Cinacokela ku fakitale.

Apa ndipo pamene injiniya wozolowela mafakitale ali wofunika. Makina okopela akatafuna pepala, kalaliki amangodandaula ndi kuyambanso. Kabaluni kakakana kuphwa, pa thebulo pagona munthu. Komabe mafunso ake ndi amodzimodzi: mwa zida cikwi cimodzi, zolakwika ndi zingati? Amaziyesa ndani? Anayamba kuona vuto ndani, nanga anauza yani?

Tisaganize kuti bwalo la anthu ophunzila silingaphonye. Mu 2006 Boston Scientific inagula kampani ya Guidant pa mtengo wa madola pafupifupi mabiliyoni 27, itapikisana kolimba ndi Johnson & Johnson. Guidant inali kupanga timakina toika m'cifuwa, togwedeza mtima ndi magetsi ukayamba kugunda molakwika, ndipo mu 2005 tina mwa timakinato tinali titapezeka ndi vuto. Ine ndiona kuti mtengowo unakwela cifukwa ca mpikisano, osati cifukwa ca ubwino wa katundu. Ngongole yake inalemetsa kampani zaka zambili, ndipo milandu ya Guidant inakhala ya mwini watsopano. Mu 2011 khoti linalamula Guidant kulipila madola mamiliyoni 296 cifukwa cosauza boma zoona zonse za timakina tija.