Kasefa ka padashibodi: pakamwa pa galimoto yakale ku Angónia

M'mawa wa mu Juni ku Ulónguè, nkhungu imakuta mapiri, ndipo msewu wopita ku Calómuè, pachipata cha ku Dedza, umadzaza malole a kachewere. Pakati pawo nthawi zina pamatulukira nkhalamba ya galimoto, Land Rover kapena Peugeot 404, ya masiku amene tauniyi inkatchedwa Vila Coutinho. Injini imalirabe, koma wailesi yake inatseka pakamwa kalekale.

Kawirikawiri vuto limayambira pakanthu konyozeka: kasefa kachitsulo kotchinga sipika. Magalimoto ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 ankakhala ndi sipika imodzi yokha padashibodi, ndipo kambale kake kotulutsa mawu kanali kapepala. Kuno kumapiri kasefako kamazunzika kawiri. Chinyezi cha m'nyengo yozizira chimakadyetsa dzimbiri, kenako fumbi la mu Okutobala limalowera pomwe pabowoka n'kukaunjikana papepalapo. Mawu amayamba kusasa, mapeto ake zii.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi penti. Amachotsa kaye waya wa batire, n'kumasula kasefako mosamala, chifukwa pulasitiki ya padashibodi yomwe yakhala padzuwa zaka 50 imathetheka ngati chigoba cha dzira. Sipika amaiyesa ndi batire la tochi la mavoti 1.5: ikati "thi", ndiye kuti ikadali moyo. Pepala likang'ambika pang'ono amalimata ndi guluu wofewa. Likafumbutuka amasaka sipika ina yofanana kukula ndi maohm, omwe m'magalimoto ambiri amakhala 4.

Kasefa amakaviika m'vinega usiku wonse, n'kukapukuta ndi bulashi yawaya ndi sandipepa wosalala. Pomwe dzimbiri ladya mpaka kubowola, amadula waya wa sefa ya ufa kapena gozi ya pawindo n'kumangirira kunsi kwa felemu. Popenta m'pamene ambiri amalakwitsa. Kuthamanga si kufika: penti yokhuthala imatseka timabowo, mawu n'kumamveka ngati a munthu wolankhulira m'bulangete. Pamafunika kupopera pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, kudikira kuti iume. Pomaliza amayala kansalu kakuda kopyapyala kunsi, kosefa fumbi.

Nanga thukuta lonseli n'lachiyani, pomwe foni ili ndi nyimbo zosawerengeka? Yankho lili m'mbiri ya derali. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Masiku amenewo nkhani zinkabwera pawailesi, kaya ya Rádio Moçambique yomwe imaulutsanso m'Chinyanja kuchokera ku Tete, kaya ya MBC kutsidya kwa malire. Ngakhale uthenga woti boma la Frelimo ndi Renamo asainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992 unafikira ambiri kudzera m'timabowo ngati timeneti.

Chovuta china n'chakuti mawailesi ambiri akale sagwira FM, komwe nyumba zoulutsira mawu zinasamukira. Ena amabisa wailesi yatsopano kunsi kwa mpando, n'kulumikiza waya wake kusipika ya padashibodi. Nkhani n'zalero, mitengo ya fetereza ndi ya fodya, koma zikutulukira pakamwa pomwe agogo anamvera kuti nthawi yobwerera kumudzi yakwana.