Sitelingi anali mzungu, nanga ise tinali ndani mu filimu ija?

Amene anakulira ku Kapata, ku Mchini kapena ku Madzimoyo m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira video show: kacipinda ka mdima, mabenci a matabwa, jenereta kulira kuseri, ana kupanikizana pa TV imodzi. Chuck Norris akatulukira ndi mfuti, nyumba yonse kukuwa. Manje mafilimu omwewo abwerera pa foni na pa flash, ndipo ndi bwino tiwaone ndi maso a cikulire.

Yambani ndi Missing in Action ya mu 1984, ya kampani ya Cannon imene inachuka popanga mafilimu ochipa mothamanga. Nkhani yake ndi ya ku Vietnam, koma anaijambula ku Philippines. Amerika inacotsa asilikali ake ku Vietnam mu 1973, ndipo Saigon inagwa mu 1975. Nkhondo imene analuza pa bwalo anakaiwina pa kanema: mzungu mmodzi apha anthu ambirimbiri opanda maina, opanda amayi owalira.

Imene itikhudza kwambiri ndi Red Scorpion ya mu 1988. Dolph Lundgren ndi msilikali wa Soviet Union wotumidwa ku Africa kukapha mtsogoleri wa zigawenga, kenako asintha mtima nakhala mpulumutsi wa anthu akuda. Anaijambula ku Namibia dzikolo likali m'manja mwa boma la apartheid, ndipo magalimoto a nkhondo anacokera kwa asilikali a South Africa. Mwini filimu, Jack Abramoff, ndiye anayambitsa bungwe la International Freedom Foundation, limene mu 1995 linadziwika kuti linali kudya ndalama za asilikali a apartheid. Uthenga wake unali woonekeratu: mdani wa munthu wakuda ndi Mrasha na Mkyuba, za tsankho la ku Pretoria osakambako olo pang'ono.

Apa kwathu nkhondo siinali sewero. Pa 19 October 1978 ndeke za Rhodesia zinaphulitsa kampu ya ZAPU ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Renamo, imene South Africa inali kuthandiza, inali kuoloka malire n'kupha anthu m'midzi ya ku Chadiza, Katete na Petauke. Othawa nkhondo a ku Mozambique anakhazikitsidwa ku Ukwimi. Ndiye kuti ife tinali kuombera m'manja nkhani yokometsa mbali yomweyo imene inali kuliza makolo athu.

Sitikamba kuti mufufute mafilimu mu foni, iyai. Ndeu zake n'zokoma ndithu, ndipo ambiri Cizungu tinacigwirira mmenemo. Koma poonera dzifunseni: ndani ali ndi dzina, ndani angofa ngati nyerere? Munthu wakuda apatsidwa mau, kapena nchito yake ndi kunyamula katundu ndi kufa coyamba kuti sitelingi akwiye? Ndalama zojambulira anapereka ndani?

Mwana akamaseweretsa mfuti ya mtengo n'kukana kukhala "wakuda uja amafa", mufunseni cifukwa cake. Yankho lake lidzakuuzani zimene kanema wamuphunzitsa. Mukatero mutumeni kwa ambuye ake akamufotokozere zimene anaona pa malire.