Matauni Athu: Kafue, tauni ya m'mphepete mwa dambo

Makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, pomwe msewu waukulu ndi njanji zimawoloka mtsinje, pali tauni ya Kafue. Ambiri amaidziwa ndi fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, mlatho wa njanji wa mu 1906, ndiponso malo a Iolanda omwe amapopa madzi akumwa a anthu a ku Lusaka. Koma chuma chenicheni cha tauniyi chili chakumadzulo kwake, m'dambo lalikulu la Kafue Flats, lotalika makilomita pafupifupi 240.

Munthu wodutsa pabasi amangoona ngati udzu wake ndi umodzimodzi. Woweta ng'ombe ndi msodzi amadziwa kuti si choncho. Tikaliona dambo lonse, mwini wake ndi madzi. Mvula yogwa kumtunda, ku Copperbelt, imatsika pang'onopang'ono n'kudzasefukira m'chigwa chosalalachi cha mu Malichi ndi Epulo, ndipo dothi lake lamakande limasunga chinyezi nthawi yaitali. Mitengo yambiri siipirira kumira chaka ndi chaka, choncho malo amatsalira udzu.

Mukalowa m'dambomo, kakwezeke kochepa ka nthaka kamasintha zomera. Pamene madzi saphwa pali gumbwa, njedza, bango ndi akakombo. Pamene amakhala miyezi ingapo pamamera udzu wa Vossia, womwe umayandama madzi akamakwera, pamodzi ndi Echinochloa ndi mpunga wakuthengo. Kumtunda pang'ono, komwe madzi amangonyambita, kuli udzu wautali pakati pa zulu zambirimbiri. Kupitirira apo nkhalango ya mitengo yaminga ndi tsanya imayamba.

Mukawerama pa chulu chimodzi, mupezanso dziko lina. Chiswe chimakweza dothi la chonde pamwamba pa madzi, ndiye zitsamba ndi timitengo tomwe tikadafa m'dambo timapeza pokhala. Msipu womwe ng'ombe za Aila ndi Atonga zimadya madzi akaphwa, ziboda za nyama, komanso moto wa lupsa, zonsezi zimasankha mbewu yoti iphuke ndi yoti ife.

Dongosololi lidagwedezeka pomwe adamanga damu la Kafue Gorge kumunsi kwa tauniyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kenako la Itezhi-Tezhi kumtunda mu 1977. Magetsi tidawapezadi, koma madzi adayamba kutsatira zofuna za makina. Malo ena adamira mpaka kalekale, ena adasiya kusefukira. Chitsamba chaminga chochokera ku America, Mimosa pigra, chidapezerapo mpata n'kulanda mahekitala zikwi zingapo ku paki ya Lochinvar. Pafupi ndi tauni, namasupuni adatseka mtsinje, atanenepa ndi zinyalala za m'mafakitale, m'minda ndi m'zimbudzi. Nyama ya Kafue lechwe, yomwe kwawo ndi kuno kokha padziko lonse, idatsika kuchoka pafupifupi 100,000 m'zaka za m'ma 1970 kufika posakwana 30,000 mu 2015, chifukwa cha kuchepa kwa msipu ndiponso kusaka kozembera lamulo.

Chiyembekezo chilipo. Dambo limeneli lidalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1991, ndipo a International Crane Foundation, WWF ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo akhala akulemba ntchito anthu a m'midzi kuti azidula Mimosa ndi manja. Pomwe adula, udzu ukubwerera.

Koma nkhwangwa payokha siingapulumutse dambo. A kampani ya magetsi ya ZESCO pamodzi ndi oyang'anira madzi azitsegula damu la Itezhi-Tezhi mogwirizana ndi nyengo ya mvula, ndipo khonsolo ya Kafue iletse zonyansa kulowa mumtsinje. Anthu a ku Kafue, dambo ili ndi lanu: likafa, nsomba, mkaka ndi madzi abwino zidzafera limodzi nalo.