Mphamvu ya ziwanda pa makadi ndi katapila basi

Amangwetu, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mwambiwu ndimaukumbukira nthawi zonse ndikamaganiza za masewero ena a makadi otchedwa Vampire: The Eternal Struggle, amene amaseweredwa kwambiri ku America, ku Brazil ndi m'maiko a ku Ulaya. Anawakonza ndi katswiri wa masamu Richard Garfield, yemwe uja anakonzanso Magic: The Gathering, ndipo anatuluka mu 1994 ali ndi dzina loti Jyhad. Dzinali linasinthidwa mu 1995. Mu 2010 makadiwa anasiya kusindikizidwa, koma kampani ya Black Chantry inawaukitsa mu 2018.

Ndisanapite patali ndichenjezeretu. M'masewerowa muli anamapopa, koma ndi a papepala, ojambula, ochokera m'nthano zopeka za kampani ya White Wolf. Sindikunena za mphekesera zija zimene mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Zimene zija zinali misozi yeniyeni. Izi ndi masamu a patebulo ngati bawo, ndipo si njuga chifukwa malamulo ake safuna kuti munthu aikepo ndalama.

Masewerowo amayenda motere. Anthu 4 kapena 5 amakhala mozungulira tebulo. Aliyense amayamba ndi mikanda 30 yoimira magazi, ndipo ine ndiitcha mpamba, chifukwa ndi mmene ilili. Ndi mpamba womwewo umene mumagulira anamapopa oti akugwirireni ntchito, ndipo ukatha inunso mwatha, mwatuluka m'masewero. Amene wakhala kumanzere kwanu ndiye nyama yanu, ndipo ntchito yanu ndi kumupopa mpamba mpaka uume. Amene wakhala kumanja kwanu ndiye mlenje wanu, nayenso akufuna kukuumitsani inuyo. Mukagwetsa nyama yanu mumalandira pointi imodzi ndi mikanda 6, kenaka wotsatira kumanzereko ndiye amasanduka nyama yanu yatsopano. Wa mapointi ambiri ndiye wapambana.

Mwaona kale vuto lake: chimene mumagulira katundu ndi chomwecho chimene chili moyo wanu. Wa malonda aliyense akudziwa kuwawa kwake kwa nkhani yotere.

Tsono mu 2001 kunatuluka makadi owonjezera otchedwa Bloodlines, ndipo m'menemo munabwera fuko la anamapopa lotchedwa Baali. M'nthanomo, a Baali ndi ogwadira ziwanda, ndipo mphamvu yawo yapadera imatchedwa Daimoinon. Ophunzira kumene masewerowa akangoona makadi a Daimoinon, maso amatuluka. Khadi la Conflagration limaponya moto patali, moto woti namapopa mnzawo sangaupoletse ndi magazi ake, amangokomoka basi. La Psychomachia limalepheretsa mdani amene akufuna kukutchingirani njira. La Sense the Sin lili ndi ntchito ziwiri: likhoza kukuthandizani kugwira mdani amene akuzemba, kapenanso kuwonjezera mlingo wa zimene mukupopa. Palinso gulu la makadi a Condemnation, omwe ndi matemberero amene mumamata pa namapopa wa mnzanu kuti afooke.

Zokoma zedi, eti? Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nyerere zake ndi izi. Namapopa aliyense akagwira ntchito, khadi lake limagonekedwa chopingasa kusonyeza kuti watopa. Nthawi yanu yosewera ikakwananso, onse amadzuka okha mwaulere. Koma wa Baali ayi. Iyeyu ali ndi ngongole kwa ziwanda, ndiye sadzuka yekha. Kuti adzuke muyenera kuwotcha mkanda umodzi wa mpamba wanu. Ulendo uliwonse, namapopa aliyense. Mukapanda kulipira, amangogona pomwepo ngati galimoto yopanda mafuta.

Inetu ndimati ameneyu ndi katapila. Ndipo nzeru yonse yogwiritsira ntchito Daimoinon yagona pa funso limodzi lokha limene wotenga katapila aliyense amayenera kudzifunsa: kodi ndalamayi ibala msanga kuposa chiwongoladzanja chake?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwayamba ndi 30. Mwagula wa Baali wamkulu ngati Nergal, mtengo wake 10. Mwagulanso wachiwiri wa mikanda 8. Mwatsala ndi 12. Ngati awiriwa muziwadzutsa ulendo uliwonse kwa maulendo 6, ndiye kuti 12 yense uja wapita. Mwadzipha nokha, mlenje wanu asanaponye ngakhale muvi umodzi. Ndipotu mlenjeyo sakhala akuwodzera.

Choncho langizo langa loyamba ndi lakuti musadzaze khola ndi a Baali okhaokha. Mmodzi wamphamvu ndi wokwanira, akachuluka awiri. Malamulo amafuna kuti mulu wa anamapopa anu ukhale ndi makadi osachepera 12, ndiye malo otsalawo ikanimo antchito wamba amene amadzuka mwaulere. A Baali, kupatula Daimoinon, ali ndi mphamvu zina ziwiri: Obfuscate, yomwe ndi yozembera, ndi Presence, yomwe ndi yokopera anthu. Fuko lina limene kale linkatchedwa Followers of Set lilinso ndi ziwiri zomwezi. Mukawasakaniza, khadi limodzi likhoza kugwira ntchito m'manja mwa aliyense, ndipo simukhala ndi katundu wongowola pa shelefu.

Chachiwiri, mkanda uliwonse umene mwawotcha uzibwera ndi mnzake. Musadzutse wa Baali chifukwa choti mwazolowera. Yang'anani kaye makadi 7 amene ali m'manja mwanu. Ngati mulibe khadi lozembera ndipo nyama yanu ili ndi alonda ogalamuka, kulipira mkandawo ndi kutaya madzi pamchenga. Msiyeni agone ulendo umenewo. Pali makadi ena, monga Wake with Evening's Freshness, amene amalola namapopa wogona kuti atchinge mdani ngati kuti ali maso. Kukhala ndi angapo otere kuli ngati kukhala ndi mlonda amene simumulipira usiku umene kulibe akuba.

Koma mukamudzutsa, abweze ndalama. Makadi a Presence monga Social Charm ndi Legal Manipulations, namapopa wodziwa bwino mphamvuyi akapopa nawo n'kutheka, amakubwezerani mkanda umodzi. Ndiye kuti chiwongoladzanja cha ulendo umenewo chalipidwa ndi mdani. Pali wa Baali wina, amangomutcha The unnamed, amene akapopa bwino amakupatsani mikanda 2. Ameneyo ndiye wantchito wodzilipira yekha. Makadi a Blood Doll ndi Minion Tap nawonso musawaiwale, chifukwa amachotsa magazi mwa namapopa n'kuwabwezera ku mpamba. Palinso kachinyengo kololedwa: khadi la Majesty limathetsa ndewu ndipo kwa katswiri limamudzutsanso pompo. Ngati wa Baali wanu afika ulendo wotsatira ali chidzukire, palibe cholipira.

Chachitatu, fulumirani koma musaphe dyera. Katapila salola kuchedwa. Anzanu ena patebulo akhoza kumanga linga n'kudikira, chifukwa nthawi ili kumbali yawo. Inu ayi. Ulendo uliwonse umene wadutsa popanda kukhudza nyama yanu, mwasauka. Mikanda 6 imene mumalandira mukagwetsa munthu ndiyo imakupatsani mpweya, ndiye maso akhale pamenepo. Komabe kufulumira sikutanthauza kumeza nthongo yosatafuna. Pali khadi lotchedwa Archon Investigation: mukafuna kupopa mikanda yoposa 3 nthawi imodzi, mdani amalipira mikanda 3 n'kuwotcheratu namapopa wanuyo. Palinso Deflection, khadi limene limakhotetsa nkhonya yanu kuti ikagwere munthu wina amene simumamufuna. Taganizani: mwaika gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chanu mwa Nergal, kenaka wapsa tsiku limodzi chifukwa cha dyera. Kupopa 3, kenaka 3, kenaka 3, kumafikitsa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chachinayi ndi cha moto uja wa Conflagration. Ambiri amaukonda chifukwa umachititsa mantha, ndipo amadzaza nawo mulu wawo wa makadi, umene malamulo amati ukhale pakati pa 60 ndi 90. Ine ndikutsutsa. Kukomola namapopa wa mnzanu sikukupatsani pointi. Pointi ili pa mpamba wake. Motowo ntchito yake ndi kutsegula njira: mukakomola mlonda mmodzi wa nyama yanu, enawo amayamba kuganiza kawiri asanakutchingireni, ndipo mwini wake amawononga nthawi ndi magazi pomudzutsa wokomokayo. Ungathandizenso kuthyola mkono wa mlenje wanu akanyanya. Koma kumangoyatsa moto paliponse chifukwa muli ndi machesi, uku mukulipira mkanda ulendo uliwonse, ndi kugula kutchuka pa ngongole.

Chomaliza ndi pakamwa. Masewerowa amalola kukambirana, kulonjezana ndi kuopsezana poyera. Amene wakhala moyang'anizana nanu, yemwe si nyama yanu kapena mlenje wanu, nthawi zambiri ndi bwenzi la kanthawi, pakuti mdani wanu ndi nyama yake kapena mlenje wake. Vuto la wa Baali ndi lakuti amaoneka woopsa kuposa mmene alili, ndipo tebulo lonse likhoza kumuukira. Apa yankhulani. Aonetseni mpamba wanu mmene ukuphwera. Auzeni kuti, "Akulu, musandiope ine, ine ndikudzidya ndekha, yang'anani uyo ali ndi mikanda 20." Kawirikawiri zimakhala zoona ndithu, ndipo choonadi chonenedwa pa nthawi yake ndi khadi laulere.

Ena anena kuti, ngati zili choncho, bwanji osangowasiya a Baaliwo? Funsolo ndi labwino. Pali mafuko ambiri amene alibe msonkho umenewu, ndipo kwa wongoyamba kumene ndi amene ndingamulangize. Koma okonza masewerowa sanaike msonkhowo mwangozi. Anapereka mphamvu yoposa mtengo wake wogulira, n'kubisa mtengo wotsalawo m'malipiro a pang'onopang'ono. Wodziwa kuwerenga akhoza kupindula nazo, chifukwa amatenga mphamvuyo, n'kuigwiritsa ntchito mwachangu, n'kumaliza nkhani malipiro asanamumize. Wosawerenga amangoona kukongola kwa khadi.

Mkanda umodzi suoneka kanthu, amangwetu. Ndi chifukwa chake umapha. Munthu amaopa nkhonya ya mikanda 5 yochokera kwa mlenje, koma saopa umodziumodzi umene akupereka yekha ndi dzanja lake, akumwetulira. Inu a m'misika ndi inu a m'makoleji, mukadzakhala patebulo limeneli, musanatembenuze khadi la wa Baali dzifunseni kuti masewerowa atsala ndi maulendo angati, ndipo muchulukitse ndi chiwerengero cha ziwanda zimene mukudyetsa. Yankho likaposa mikanda imene ili patsogolo panu, khadilo libwezeni m'thumba.